Masheleni 52 ndi Sikisi: Mbiri ya Lendi pa Maesiteti a Nyasaland

Mu 1953 kampani ya British Central Africa, imene inali ndi malo aakulu m'boma la Thyolo, inaumirira kuti anthu okhala pa malo akewo ayambe kulipira lendi yatsopano. Banja limene linkapereka masheleni 20 pa chaka, kapena kuti paundi imodzi, tsopano linayenera kupereka masheleni 52 ndi sikisi. Uku kunali kuwirikiza lendi kawiri ndi theka n'kupitirirako pang'ono. Kampaniyo sinaphwanye lamulo lililonse, pakuti lamulo limene boma la atsamunda linakhazikitsa mu 1952 linkalola zimenezi. Komabe chakacho chisanathe, anthu 11 anali ataphedwa pa zipolowe zimene zinayambira ku Thyolo komweko, ndipo 72 anali atavulala.

Ndasankha kulemba za kukwera kwa lendi kumeneku chifukwa cha mmene timakambira nkhani za lendi masiku ano. Kaya ndi ku Ndirande, ku Chawama, ku Mbare kapena ku Soweto, mkangano wa mwini nyumba ndi wochita lendi umathera pa chiwerengero: wakweza ndi zingati, wandiuza liti, kodi lamulo likumulola? Mafunso amenewa ndi oyenera. Koma ndikawerenga mbiri ya maesiteti a ku Nyasaland ndimaona kuti chiwerengero chimabwera pomalizira. Chimene chimayamba ndi mphamvu yothamangitsa munthu. Amene ali ndi mphamvu imeneyo ndiye amakhazikitsa lendi yeniyeni, ngakhale pepala la boma litanena zina.

Lendi ya pa maesiteti inali ndi dzina lake: thangata. Mawuwa ndi athu omwe, ndipo poyamba analibe choipa. Kuthangata ndi kuthandiza. Anthu ankathangatana pa dima, mwini munda n'kuwaphikira mowa; ankathangatanso mfumu pa ntchito za mudzi. Azungu a maesiteti anatenga mawu omwewo n'kuwaveka ntchito imene munthu ankagwira polipirira malo amene wamangapo nyumba ndi kulimapo chakudya. Mpaka lero munthu akagwira ntchito yolemetsa yopanda malipiro oyenera amadandaula kuti wagwira thangata. Mawu a chifundo anasanduka mawu a ukapolo, ndipo sanabwererenso mwakale.

Gwero lake ndi mmene malowo anachokera m'manja mwa eni ake. Dziko lisanakhale pansi pa chitetezo cha Britain mu 1891, amalonda ndi amishoni anali atayamba kale "kugula" malo kwa mafumu a kumapiri a Shire, nthawi zambiri ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Kuyambira mu 1892 Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda, anaunika zogulazo n'kupereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Zikalatazi zinakhudza maekala pafupifupi 3.7 miliyoni m'dziko lonse. Gawo lalikulu linali kumpoto, koma kumene zinapweteka kwambiri ndi kumapiri a Shire, kumene pafupifupi theka la nthaka yabwino linapita kwa azungu ochepa. Eugene Sharrer yekha anatenga maekala oposa 360,000, ndipo malo amenewa ndi amene anadzakhala a British Central Africa mu 1902. Malo a John Buchanan ndi abale ake anadzakhala a Blantyre and East Africa. Ku Magomero kunali A. L. Bruce Estates, ya banja la mkamwini wa David Livingstone.

M'zikalata zambiri Johnston anaikamo ndime yonena kuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe popanda chilolezo cha boma. Pa pepala, eni nthaka anali otetezeka ndipo sanayenere kulipira kanthu. Koma palibe amene anayenda m'midzimo kukalemba kuti mudzi wakuti uli pakuti ndipo minda yake ikulekeza pakuti. Chinanso, ulimi wa nthawiyo unali wosamukasamuka: nthaka ikaguga, anthu ankatsegula mphanje pena. Mwini esiteti ankangodikira kuti mudzi usunthe pang'ono, basi n'kunena kuti anthuwo achoka pa malo otetezedwa ndipo tsopano ali pa malo ake. Kenaka, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alomwe ambiri anayamba kuwoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhondo, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Iwowa ndime ija sinkawakhudza n'komwe. Maesiteti anawalandira ndi manja awiri chifukwa munthu wopanda kobwerera savuta kumulamula.

Mu 1903 nkhaniyi inafika kukhoti. Kampani ya Blantyre and East Africa inali itasainitsa mafumu mapangano otaya ufulu wa anthu awo wokhala mosalipira. Woweruza Joseph Nunan anagamula kuti mapanganowo anali okondera mbali imodzi ndipo mafumuwo analibe mphamvu yogulitsa ufulu wa anthu awo. Chigamulochi chinali chomveka bwino. Chaka chotsatira boma linakhazikitsanso lamulo loti pa maesiteti papatulidwe malo a anthu akuda, koma lamulolo silinagwiritsidwe ntchito. Apa ndipo ndimaona koyamba chizolowezi chimene chinapitirira zaka 60: ufulu unkalembedwa, koma wouteteza panalibe.

M'zaka zimenezi lendi inkakwera popanda wina kutchula chiwerengero. Mwamuna wa pa esiteti ankayenera kugwira mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba, umene mwini esiteti ankamuperekera ku boma. Koma mwezi unali chiyani? Sunkawerengedwa poyang'ana kumwamba. Unkawerengedwa pa tikiti, ndipo tsiku linkalembedwa pokhapokha kapitawo akavomereza kuti ndime ya tsikulo yatha. Ndime ikakula, tsiku silinkalembedwa. Motero miyezi iwiri inkatha kutalika n'kufika inayi kapena kuposa, ndipo inkagwera m'dzinja, nthawi imene munthu amafunika kupalira chimanga chake. Lendi yotere munthu sangaitengere kukhoti, chifukwa pa pepala sinasinthe. Yasintha m'manja mwa wogwira pensulo.

Ku Magomero zinthu zinafika poipa kwambiri. Woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone, ankadziwika ndi chikoti. Mwini wake, Alexander Livingstone Bruce, sankalola sukulu kapena matchalitchi pa malo ake, ndipo matchalitchi amene anthu a John Chilembwe anamanga pamenepo anatenthedwa. Usiku wa pa 23 January 1915 anthu a Chilembwe anapha Livingstone m'nyumba mwake. Kuukirako kunali ndi zifukwa zambiri, kuphatikizapo kutengedwa kwa anthu akuda kupita ku nkhondo ya azungu, koma komiti imene boma linakhazikitsa kuti ifufuze inamva umboni wa ntchito yotalikitsidwa, kumenyedwa, ndi malipiro a fodya m'malo mwa ndalama, ndipo inadzudzula kayendetsedwe ka esitetiyo.

Mantha a 1915 anabala lamulo la 1917, limene cholinga chake chinali chakuti lendi izilipiridwa ndi ndalama, osati ndi thukuta. Eni maesiteti sanavutike nalo. Iwo sankafuna masheleni. Ankafuna manja olima thonje, fodya ndi tiyi. Anangonena kuti amene sakufuna kugwira ntchito asamuke, ndipo anaopseza kuti athamangitsa anthu ambirimbiri nthawi imodzi. Boma linalibe kowaika anthuwo, choncho linangoti zii. Lamulo linapatsa munthu ufulu wosankha kalipiridwe, koma linasiya mphamvu yothamangitsa m'manja mwa mwini malo, ndipo ufuluwo unafera pomwepo.

Lamulo limene linakhalitsa ndi la 1928, lotchedwa Natives on Private Estates Ordinance. Poliwerenga mwachangu limaoneka ngati lamulo labwino la lendi, lofanana ndi amene anthu amapempha lero. Linapatsa banja lililonse ufulu wa malo omangapo nyumba ndi munda wa chakudya. Linakhazikitsa mabungwe m'maboma oti aziika malire a lendi, ndipo ambiri anaika paundi imodzi pa chaka. Linalola njira zitatu zolipirira: ndalama, ntchito, kapena kulima mbewu monga fodya ndi thonje n'kugulitsa kwa mwini esiteti. Linanenanso kuti mwini malo amene sakupereka ntchito kapena mwayi wolima mbewu zogulitsa asayembekezere lendi.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lamulo lomwelo linafafaniza kusiyana pakati pa eni nthaka otetezedwa ndi ndime ya Johnston ndi anthu obwera pambuyo. Onse anasanduka alendi. Zidzukulu za anthu amene azungu anawapeza pamalopo zinayamba kulipirira nthaka imene munagona makolo awo. Linapatsanso mwini esiteti mphamvu yothamangitsa banja limodzi pa mabanja 10 alionse pakatha zaka zisanu zilizonse, popanda kupereka chifukwa. Taganizirani tanthauzo lake. Sipankafunika kuthamangitsa anthu ambiri. Zinali zokwanira kuti aliyense adziwe kuti chaka chosankha chikubwera, ndipo wosankhayo ndi bwana yemweyo amene lero akukupempha kuti ugwire masiku owonjezera. Ndani akanakana?

Ndime imene imandiwawa kwambiri ndi yokhudza ana. Mnyamata akakwanitsa zaka 16 analibe ufulu wokhala pa esiteti pamene anabadwira, pokhapokha mwini malo atalola. Ndipo mwini malo akanatha kukaniza mwamuna wokwatira mwana wamkazi wa pamudzipo kudzamanga nyumba. Amang'anja, Ayao ndi Alomwe a kumapiri a Shire ndi anthu a chikamwini: mwamuna ndiye amatsata mkazi, ndipo mudzi umakula kudzera mwa ana aakazi ndi mbumba yawo. Kukaniza mkamwini kunali kudula mudzi pa muzu. Amene analemba lamuloli ankaona banja ngati mwamuna mmodzi wolipira lendi, pamene anthu ake ankaona mbumba ya amayi imene nthaka imadutsamo kuchoka kwa agogo kupita kwa zidzukulu. N'zosadabwitsa kuti analemba motero, chifukwa m'nyumba ya malamulo ya Nyasaland munalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi kufikira 1949, pamene eni maesiteti, kuphatikizapo Bruce mwiniwake, anakhalamo.

M'zaka za m'ma 1930 malonda a dziko lonse atagwa, maesiteti ambiri analephera kupereka ntchito kapena kugula mbewu, ndipo lendi yambiri sinatoleredwe. Kuthamangitsa kwa 1933 ndi 1938 sikunakhale kwakukulu. Koma anthu ankachulukirachulukira, ndipo malo a mafumu ozungulira maesiteti anadzaza. Mu 1943 mabanja mazanamazana a m'boma la Blantyre atapatsidwa makalata owasamutsa, anakana kuchoka chifukwa kunalibe kopita, ndipo boma silinafune kuwachotsa mwankhondo. Ichi ndi chinthu chofunika kuchigwira: chitetezo choyamba chenicheni chimene alendiwa anapeza sichinachokere m'lamulo. Chinachokera m'kukana pamodzi.

Mu 1946 boma linaitana Sir Sidney Abrahams kuti afufuze za malo. Iye anaona kuti vutolo silingathe pokonzakonza chiwerengero cha lendi. Analangiza kuti boma ligule malo a maesiteti amene sakulimidwa kapena amene padzaza anthu, kuti anthuwo akhale pa nthaka imene palibe angawalipiritse kapena kuwathamangitsa. Komiti imene inapatsidwa ntchito yokonza zogulazo inachepetsa malangizowo, ndipo kugula kunayenda pang'onopang'ono. Choipa kwambiri, malo amene makampani ankavomera kugulitsa msanga anali ouma ndi akutali. Ku Thyolo, kumene tiyi ankapindulitsa ndipo anthu anali othithikana, kampani sinafune kutaya nthaka yabwino.

Umu ndi mmene zinthu zinalili pofika 1952. Anthu anali atangotuluka m'njala ya 1949. Alangizi a boma ankawakakamiza malimidwe atsopano, ndipo wolephera kukonza mizere ndi migula ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Nkhani ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland inali m'kamwam'kamwa, ndipo kwa munthu wa pa esiteti chitaganya chinkatanthauza chinthu chimodzi: azungu a ku Salisbury abwera kudzatenga nthaka yotsalayo. Pakati pa zonsezi boma linakhazikitsa lamulo latsopano la okhala pa maesiteti, limene linatsegula njira yoti lendi ichoke pa masheleni 20 kufika pa 52 ndi sikisi.

Mbali ya eni malo inali ndi mfundo yake, ndipo ndi mfundo imene mwini nyumba aliyense amapereka mpaka lero. Lendi inali isanasinthe kwa zaka zoposa 20, pamene mitengo ya zinthu ndi malipiro zinali zitakwera, makamaka nkhondo yachiwiri itatha. Powerengera ndalama zokha, paundi ya 1952 sinali paundi ya 1928. Koma kuwerengera kumeneku kunkadumpha funso limene anthu a m'midzimo ankafunsa. Iwo sankatsutsa kuti zinthu zadula. Ankafunsa kuti akulipirira chiyani. Wochita lendi m'tauni amalipirira nyumba imene wina anamanga. Wa pa esiteti nyumba anamanga yekha, munda anatsegula yekha, chitsime anakumba yekha, ndipo pafupi pomwepo ankaona maekala ambirimbiri a kampani atangokhala tchire pamene ana ake alibe polima. Kukweza lendi kunawakumbutsa kuti lendiyo payokha inalibe maziko amene iwo anawavomereza.

Ambiri anakana kulipira. Kampani inatulutsa makalata owathamangitsa. Boma la bwanamkubwa Geoffrey Colby linapezeka pakati pa moto: lamulo lake lomwe linkafuna kuti lithandize kampani kuchotsa anthu, koma linkadziwa chimene chingatsatire. Pakati pa 1953 kampaniyo inavomera kusaumiriza kuthamangitsako, koma mitima inali itatupa kale. Anthu ena anayamba kutsegula minda pa malo a kampani osapempha. Chitaganya chinakhazikitsidwa pa 1 August. M'mwezi womwewo, pa esiteti ya Mangunda pafupi ndi Luchenza, azungu anagwira anthu amene ankawaganizira kuti akuba malalanje, ndipo mbiri inawanda yakuti anthuwo aphedwa ndi achifwamba, azungu amene anthu ankakhulupirira kuti amadya anthu. Khamu linasonkhana. M'masabata otsatira anthu anatseka misewu ndi mitengo, anadula mawaya a lamya, anasiya ntchito m'minda ya tiyi, ndipo zipolowe zinafalikira ku Mulanje, ku Chiradzulu ndi madera ena a kumwera. Boma linaitanitsa apolisi kuchokera kunja kwa dziko. Onse 11 amene anafa anali anthu akuda.

Ena amaseka mphekesera ya chifwamba ngati umbuli. Ine ndimaiona mwina. Anthu amene kwa zaka 50 anaona mwezi wawo ukutalikitsidwa, ana awo aamuna akuuzidwa kuti achoke, ndi lendi ikuwirikizidwa ndi anthu amene sanawafunsepo maganizo, sanafunikire umboni wambiri kuti akhulupirire kuti esiteti imadya anthu. Mphekeserayo inali yabodza pa za malalanje, koma inkanena zoona za ubale wa mwini malo ndi mlendi wake.

Magazi a 1953 anachita zimene malipoti analephera. Colby anakakamira kuti boma ligule malo ambiri a British Central Africa, ndipo London inavomereza kuti thangata athetsedwe pang'onopang'ono pogula malo ndi kusamutsa anthu. M'zaka zotsatira chiwerengero cha mabanja okhala pa maesiteti chinatsika kwambiri. Chipani cha Malawi Congress chitapambana chisankho cha 1961, lamulo la 1962 linathetsa thangata. Onani ndondomeko yake: 1915 inabala lamulo la 1917, kukana kwa 1943 kunatsogolera ku kafukufuku wa 1946, ndipo 1953 inabala kugula malo. Palibe kusintha kumene kunabwera chifukwa chakuti wina ku Zomba anadzuka ndi chisoni.

Owerenga a m'maiko oyandikana nafe aizindikira nkhaniyi, chifukwa kulipira malo ndi thukuta sikunali kwa Nyasaland yokha. Ku South Africa, lamulo la malo la 1913 litaletsa anthu akuda kubwereka minda ya azungu m'madera ambiri mogawana zokolola, mabanja ambiri anatsala ndi njira yokhala pa famu posinthana ndi ntchito, ndipo dzikolo linafunika lamulo lapadera mu 1996 loteteza mabanja otere. Ku Malawi komweko, thangata atatha, m'minda ya fodya ya m'chigawo chapakati ndi kumpoto munakula dongosolo la matenanti, olima fodya pa malo a mwini esiteti, kudya chakudya cha ngongole, n'kugulitsa fodyayo kwa mwini malo yemweyo pa mtengo woika iye. Nyumba ya malamulo inathetsa dongosolo limeneli mu 2021, patapita zaka 59 chithetsedwere thangata. Ndipo amene wadutsa ku Thyolo ndi ku Mulanje waona yekha minda ya tiyi yobiriwira mpaka kumene maso alekeza, midzi itapanikizika m'mphepete ndi m'zitunda.

Sindikunena kuti mwini nyumba wa ku Ndirande ndi Bruce, kapena kuti wochita lendi wa lero ali pa thangata. Eni nyumba ambiri m'matauni athu ndi anthu wamba amene anamanga zipinda ziwiri kuseri kuti apeze ya sukulu ya ana. Koma mbiri imeneyi yandiphunzitsa mafunso amene ndimafunsa ndikamva kuti boma lililonse likukonza lamulo la lendi. Kodi munthu amene wakana kukwezeredwa kosayenera angathamangitsidwe mwezi wotsatira popanda chifukwa? Ngati angathamangitsidwe, malire a lendi ndi mawu chabe, monga anaonera a 1917. Kodi ndani akusunga tikiti, ndiye kuti ndani amalemba zimene zalipiridwa ndi zimene zatsala? Kodi lamulolo likuteteza yekhayo amene dzina lake lili pa pepala, kapena likuonanso mkazi, ana ndi ena a m'nyumbamo? Nanga pamene chiwerengero chinkakambidwa, olipirawo analipo?

Lamulo la 1928 linali ndi malire a lendi, mabungwe oyang'anira lendi ndi njira zitatu zolipirira, ndipo linayankha molakwika mafunso onse anayiwa. Masheleni 52 ndi sikisi anali ovomerezeka ndi lamulo kuyambira tsiku loyamba, koma anthu a ku Thyolo anakana kuwalipira, ndipo patatha zaka zosakwana 10 thangata anathetsedwa.